A Chisale Sankavala Tayi

Loweruka lapitali tinaika a Yotamu Chisale ku manda a ku Lang'ata, ndipo mpaka lero mtima sunanditsike. Sindikunena za chisoni ayi. Chisoni chibwera nthawi yake. Ndikunena za ukali umene unandigwira pabwalo la tchalitchi pamene a Makwinja anaimirira pambali pa bokosi, ali mu suti yakuda, n'kuyamba kuuza anthu kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake, mzati wa ife Amalawi okhala mu Nairobi muno. Amayi ena mpaka anavomera kuti eee, zoona. Ine phazi linapita lokha kutsogolo. Che Saidi, mkulu amene ndinaima naye kumbuyo kwa anthu, anandigwira pachigongono n'kunong'ona kuti, "Mavuto, pano ayi."

Chabwino, pamenepo ayi. Koma papepala pano ndinena.

A Chisale sanali ofatsa. Ankakangana ndi aliyense, ine ndiye osanena. Ndipo munthu amene anawabalalitsira ana pa sukulu yawo ya judo, amene anawasandutsa munthu wosapatsidwa moni ndi Amalawi anzawo kwa zaka zonsezi, ndi a Makwinja omwewo. Anawaipitsira dzina ali moyo, tsopano akufuna kuwapatsa dzina lina labodza atamwalira. Ine ndakana. Dzina lawo lenileni ndi ili ndikulembali.

Anali munthu wamfupi, wa khosi ngati chitsa, kwawo ku Dedza. Ntchito yawo inali yokonza makina a telekisi ndi mawailesi pa ofesi ina ya mayiko ambiri m'tauni, ndipo ntchito yomweyo ndiyo inawapititsa ku Japan akadali mnyamata, kukaphunzira za mawaya. Anabwerako ndi setifiketi imene sindinaionepo ndi lamba wakuda amene ndinkamuona tsiku lililonse. Za ku Japan sankazikamba kwambiri. Ankangoti kunkazizira koopsa, ndipo mphunzitsi wawo, nkhalamba yopanda mano, anayamba wawakomola mobwerezabwereza asanawafunse n'komwe dzina.

Sukulu yawo inali galaja ya kuseri kwa mafulati ena ku Parklands. Mwini wake, mmwenye wogulitsa nsalu, anawabwereka atagulitsa galimoto yake. Pansi anayalapo malona akale a malole, atasokerera utuchi m'kati. Ukalowa fungo lokulandira linali la thukuta, utuchi ndi sopo wa mtanda. Pakona panali mtengo wozikidwa pansi, kumutu kwake atakulungako chingwe cha khonje. Pachitseko pankalendewera chowengera zikhadabo chomangidwa pa ulusi.

Ine ndinafika kumeneko mlomo uli chotupa. Sukulu ndinali nditaisiyira Fomu 1, achemwali ndi alamu n'kunditenga kuti mwina ku Kenya mutu ukazizira, koma ndisanadziwe n'komwe misewu ndinali nditasinthana kale zibakera ndi kondakitala wa matatu, minibasi za kuno. Alamu anandikokera ku galaja kuja. A Chisale anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye ndiwe womenya anthuwe?"

"Anayamba ndi iyeyo."

"Sindinafunse zimenezo. Bweretsa manja tione."

Anaona zikhadabo zanga, n'kuloza pachitseko. Ndinkaganiza kuti akundithamangitsa, koma ankaloza chowengera chija. Palibe ankaponda pa malona awo asanaonetse zala, kaya ndiwe mwana wa kazembe kaya ndani. Ankati chikhadabo chimang'amba khosi la mnzako amene wakubwereka thupi lake kuti uphunzirepo, ndipo chinthu chobwereka umachibweza chili bwino.

Chinthu choyamba kuphunzitsa sichinali kugwetsa munthu. Chinali kugogoda. Mnzako akakupana pakhosi sungayankhule, ndiye umamugogoda ndi dzanja kawiri, pamkono pake kapena pansi, iye n'kusiya pomwepo. A Chisale ankati wogogoda ali ngati munthu amene waima pakhomo pako mvula ikumuthera, sufunsa kuti ndani, umatsegula.

Ukadziwa kugogoda ankakukanyanga okha. Ine anandikhazika pansi, iwo n'kugwada kumbuyo kwanga, dzanja lina n'kulowa m'kolala ya jekete mpaka kuseri kwa khosi, linalo n'kukoka mbali inayo. Choopsa chake n'chakuti sizipweteka. Anthu amayesa kukanyanga ndi kutseka mpweya. A Chisale zimenezo zinkawanyansa, ankati wofinya kholingo ndi mbava ya mumsewu. Iwo ankapana mitsempha ya m'mbali mwa khosi, yopititsa magazi kumutu. Makutu amayamba kulira, kuwala kumachepa ngati wina akutsitsa nyali, ndipo ngati ndiwe wamakani ngati ine, wonena mumtima kuti mdala uyu sindimugogodera, umangodzidzimuka uli chagada, dovu lili patsaya, anzako atakuzungulira.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" anatero a Chisale atandiweramira. "Mukanagogoda mukanapita kwanu ndi kabudula wouma."

Kabudula analidi atanyowa. Mnyamata wina anaseka, ndipo anamutulutsa panja tsiku lonse. Kuseka wokomoka ankaloledwa ndi iwo okha. Chilungamo chake sindinachimvetse mpaka lero.

Pambuyo pake pankabwera kutsitsimutsa: kumasula kolala, kumukhazika munthu tsonga, bondo lako pamsana pake, kukoka mapewa kuti chifuwa chitseguke, kapena kumugoneka n'kumukweza miyendo. Tinkabwereza zimenezi mpaka kunyansidwa nazo. Ukazidziwa bwino m'pamene ankakupatsa khosi la mnzako. Tinkayamba ndi kupana ndi kolala, manja atapingasana. Kumapeto kwenikweni ankaphunzitsa kupana ndi mkono wokha kuchokera kumbuyo, khosi la munthu litalowa m'chigongono chako. Mtundu umenewu ankauopa kuposa yonse, chifukwa sufuna jekete, umagwira aliyense paliponse, ndipo wogwirayo saona nkhope ya amene wamugwira.

Za kumenya ndiye tinkayambana nazo mlungu ndi mlungu. Nthawi imeneyo m'makanema a m'tauni munadzaza mafilimu a karate, mnyamata aliyense ankafuna kuswa njerwa ndi dzanja. A Chisale ankadziwa kumenya, Ajapani amati atemi. Ankakudina ndi chala chimodzi pansi pa nthiti, kapena pamene mafupa a chifuwa amathera, kapena pansi pa mphuno, n'kunena kuti apa, apa ndi apa, ndipo chala chokhacho chinkakukhazika pansi. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankamenya mtengo wa khonje uja ndi m'mbali mwa dzanja, ndi chikhatho, ndi chigongono, mpaka amayi a m'fulati ya pamwamba ankatsegula windo n'kuwakalipira m'Chiswahili. Koma ife kuukhudza mtengowo ayi.

Tsiku lina ndinaphulika. Ndinavula jekete n'kuiponya pansi.

"Mukutinamiza inu! Chaka chonse kukumbatirana pansi ngati ana a mphaka. Munthu akandiputa pa siteji ya matatu ndimuuze kuti dikira ndikugwire kolala?"

"Umuuze kuti pepani, ukwere ina."

"Ndiye mtengowo munauzikira chiyani?"

"Ndi wanga. Tola jeketeyo, anakusokera ndine."

Pambuyo pake, tikusesa, anandiuza maganizo awo. Anati kukanyanga kuli ndi khomo lotulukira. Ukhoza kumugwira munthu, mtima n'kutsika, n'kumusiya, iye n'kupita kwawo kukadya. Chibakera chikachoka chachoka, sichibwerera kudzafunsa ngati mwini wake wasintha maganizo. Anati mtengo adzandipatsa tsiku limene ndidzasiye kuufuna. Ndinawauza kuti zimenezo ndi nzeru za anthu okalamba amene manja ayamba kuwawa. Sanandiyankhule mpaka mlungu unatha.

Anali ovuta, ndisabise. Kuyamikira munthu sankadziwa. Ukachita bwino ankangoti, "Bwerezanso." Mayi a kunyumba kwawo anatopa n'kubwerera ku Dedza ndi ana, akuti sangapikisane ndi galaja, ndipo iwo m'malo mokawanyengerera anangogula singano ina ya matumba. Lamulungu masana ankakhala pakhomo la galaja, wailesi ili pambali, akusoka makolala a majekete athu, chifukwa kolala ndiyo inkayamba kutha. Mowa sankamwa. Tiyi ankamwa wopanda mkaka, m'dziko limene aliyense amamwa chai cha mkaka, ndipo akapita kwa munthu ankabweza kapu osachita manyazi.

Ndipo tayi sankavala. Kuntchito anawadandaulira, kutchalitchi akuluakulu anawakhazika pansi, koma iwo batani la pamwamba linkakhala lotsegula basi. Ankati tayi ndi chingwe chimene munthu amadzimanga yekha m'khosi m'mawa, n'kutuluka nacho panja kukapereka nsonga yake kwa aliyense wofuna. Akakhala ndi nthabwala ankagwira tayi ya munthu ndi zala ziwiri, n'kuipotoza pang'ono, n'kufunsa kuti, "Apa bwana, digiri ija ikuthandizani bwanji?" Ena ankaseka. Atawachita zimenezi a Makwinja pakhomo la tchalitchi, iwo sanaseke.

Ngakhale matenda awo omalizawa tinakangana nawo. Anabisa. Anaonda, lamba n'kuyamba kutsalira kwambiri, koma ukafunsa ankati ndi ukalamba. Ine ndinadziwa tsiku limene ndinawagwetsa mosavuta, munthu amene zaka zonse ndinkangomukankha ngati khoma. Anagona pansi akupuma movutikira, ine n'kuwakalipira ndili chiimire. Ndinati inu amene mumatiuza kuti wanzeru amagogoda msanga, bwanji inuyo simunagogode? Anati sanapanike, akungopumula. Pofika kuchipatala madokotala anati tachedwa. Zimenezi sindinawakhululukire, ndipo akanakhala pano ndikanawauzanso.

Koma ndibwerere kwa a Makwinja, chifukwa nkhani ili pamenepo.

A Makwinja anali bwana wamkulu pa bungwe lina la mayiko ambiri, nyumba yawo ili ku Runda, nthawi imeneyo kuseri kwa mipanda kukadali minda ya khofi. Mwana wawo Felix, wa pa yunivesite, ankaphunzira nafe. Ndinene zoona, Felix ankatha. Anali wamtali, wamsangamsanga, chinthu ukamuonetsa kamodzi wachigwira. A Chisale ankamukonda, ngakhale sakanavomera. Kupana kwa mkono wokha kuja anamuphunzitsa msanga kuposa wina aliyense wa ife.

M'nyumba mwa a Makwinja munali khukhi, Che Saidi, wa ku Machinga, amene banjalo linabwera naye kuchokera kumudzi. Felix ali khanda anamubereka kumbuyo ndi iwowo.

Chaka chimenecho, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu mu Julaye tinachitira pa kapinga wa a Makwinja. Kunali kozizira, masana a mitambo. Amayi anali m'zitenje, abambo m'masuti, kanyenya akupsa, wina atabwera ndi chambo chouma pandege. A Chisale anawapempha kuti akonze chokuzira mawu chimene chinkangolira, ndiye anali pakhonde atagwada ndi mawaya. Mowa utayenda, a Makwinja anakweza tambula.

"Felix! Tawaonetsa alendowa za ku Japan zija. Ndani adzipereke? A Banda? A Phiri, inu ndi khosi lanulo?"

Abambo anaseka, aliyense akubwerera m'mbuyo atagwira tayi yake. Che Saidi ankadutsa ndi thireyi ya matambula, ali mu yunifolomu yoyera yomanga mabatani mpaka m'khosi.

"Saidi, taika thireyiyo pansi."

Che Saidi anaiika pa kapinga. Felix anawazungulira n'kuima kumbuyo kwawo, akumwetulira atsikana.

"Musaope, Che Saidi. Zikakuwawani mungondimenya pamkonopa kawiri, ndisiya."

"Ine ndimenye inuyo, bwana wamng'ono? Aaa, zitheka bwanji?"

Anthu anafa nacho chiseko. Palibe anamva kuti mkuluyo sakuchita nthabwala. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akulandira zinthu ndi manja awiri, amene sanakwezepo mawu m'nyumba imeneyo, mukumuuza kuti amenye mwana wa bwana wake pamaso pa bwanayo ndi alendo onse?

Mkono wa Felix unalowa. Ine ndinali ku moto wa kanyenya, ndikuona pakati pa mapewa a anthu. Che Saidi maso anatong'oka. Manja awo anakwera, ndipo ndinati mumtima, eya, agogoda. Sanagogode. Anaphatikiza zikhatho patsogolo pa chifuwa n'kuyamba kuomba pang'onopang'ono, mofatsa, mmene timaombera kwathu tikamapempha chifundo kwa wamkulu. Palibe Mmalawi amene sadziwa kuomba kumeneko. Onse amene anaima pamenepo anakulira m'midzi momwemo, masuti anawapeza atakula. Ankadziwa. Koma anaseka, ena n'kuyamba kuomba nawo motsanzira. Felix ali kumbuyo sankaona kanthu, ankangomva m'manja mukulira, iye n'kumadikira kumenyedwa pamkono monga anaphunzirira. Kuomba kwa Che Saidi kunayamba kuphonyana. Kenako manja anagwa, mawondo n'kupindika, thupi lonse n'kulendewera pamkono wa mwana amene anamulera.

Ndinayamba kukankha anthu, koma a Chisale anandidutsa. Mmene anachokera pakhonde paja sindinaone.

"Siya!"

"Sanagogode, aphunzitsi!" anatero Felix, akuseka, mowa uli m'maso.

Sanabwerezenso mawu. Chikhatho chawo chinayenda pang'ono chabe, kuchokera m'chiuno mpaka pansi pa nthiti za Felix. Panamveka ngati dzungu lagwa pa simenti. Felix anapindika, mkono n'kumasuka, a Chisale n'kuwawakha Che Saidi mutu usanafike pansi. M'zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndinawaona akumenya munthu tsiku limenelo lokha.

Anadula mabatani a yunifolomu ndi dzanja limodzi, kuwakhazika tsonga, bondo pamsana, kukoka mapewa. Palibe. Anakokanso. Ine ndinawagwira mutu. Milomo ya Che Saidi inali itachita imvi. A Chisale ankayankhula motsitsa mawu, "Bwerani, bambo, bwerani kuno," ngati akuitana munthu amene ali tsidya lina la msewu. Kenako chifuwa chinakoka mpweya ndi phokoso loipa, maso n'kubwerera. Che Saidi anayang'ana uku ndi uku, ndipo mawu awo oyamba, osasa, anali akuti, "Pepani, ndaswa matambula?"

Nditadzutsa mutu ndinaona kuti tili atatu basi. Khamu lonse linali litazungulira Felix, mayi ake akukuwa kuti andiphera mwana.

Nthiti imodzi inathyoka. Pofika Lamulungu nkhani inali itavala zovala zina. Akuti Felix ankangosewera ndi wantchito, a Chisale n'kumulumphira ataledzera, munthu wosalawa n'komwe mowa. Ena akuti inali nsanje, poona kuti mwana wawaposa. Masiku amenewo Mmalawi wa kunja ankayenda mocheuka. Ankaopa kuonedwa ndi munthu amene akuluakulu amutembenukira, chifukwa mawu ankafika kumudzi msanga kuposa kalata, ndipo a Makwinja ankadya ndi anthu amene mawu awo ankamveka. Makolo anayamba kuchotsa ana ku galaja, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Uyu akuti mayeso ayandikira, uyu akuti mwana akudandaula msana.

Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti a Chisale apite ku Runda akapepese, nkhani ithe, ana abwerere. A Chisale anavomera. Ine nditamva ndinatsala pang'ono kugwetsa chitseko cha galaja.

"Mukapepese chiyani? Mwana uja akanapha munthu!"

"Ukufuna kundiperekeza kapena ukufuna kukuwa?"

Ndinawaperekeza ndikukuwa. Tinakwera matatu mpaka pamene inkathera, kwinako wapansi. Askari, mlonda wa pageti, anatitsegulira. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula, m'kati a Makwinja atakhala pampando waukulu, akuluakulu ena m'mbali, abusa ali pomwepo, mipando iwiri itasiyidwa dala. A Chisale anafika pa masitepe a khonde, anaweramitsa mutu kupereka ulemu, n'kukhota. Anatsata kanjira ka m'mbali mwa nyumba, kodutsa pa zingwe zoyanikira zovala, mpaka kuseri ku khitchini. Che Saidi anali pampopi akutsuka mapoto, khosi atakulunga kansalu.

A Chisale anavula nsapato. Anagwada pa simenti yonyowa, madzi a sopo akulowa m'thalauza, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, kuomba komwe kuja.

"Che Saidi, ndabwera kudzapepesa. Mkono unali wa mwana uja, koma anauphunzitsa ndine. Ndinamuphunzitsa kudikira kugogoda. Sindinamuuze kuti kuli anthu amene sangagogode."

"Aaa, bambo, dzukani. Dzukani chonde, mundichotsetsa ntchito."

A Makwinja anatulukira pakhomo la khitchini, akuluakulu ali pambuyo pawo.

"A Chisale, mwasokera. Anthu akukudikirani kuno."

"Sindinasokere, bwana. Munati ndikapepese, ndapepesa. Mwana wanu akafuna abwere, simentiyi ndi yaikulu, tikwanapo awiri."

"Mwamuthyola nthiti mwana wanga, inu!"

"Nthiti ipola. Ndikanayenda pang'onopang'ono bwenzi mukutumiza bokosi ku Machinga."

Abusa anayang'ana pansi. A Chisale anavala nsapato, tinatuluka pageti, ndipo panjira yonse sananene kanthu kupatula kundiuza kuti nditseke pakamwa, ntchentche zilowa.

Che Saidi ananena zoona. Mwezi usanathe anawachotsa ntchito, patatha zaka zonse zija. Pamenepa kaya a Chisale analakwa kaya sanalakwe, ine sindidziwa, ndipo iwonso zinkawadya. Anayenda khomo ndi khomo ku Parklands mpaka anawapezera malo ophika kwa m'bale wake wa mmwenye uja. Kuyambira pamenepo madzulo alionse Che Saidi ankabwera ku galaja ndi ketulo, n'kukhala pa benchi kumationerera. Mawu awo sanabwererenso bwinobwino, mpaka lero amayankhula mosasa.

Ana a Amalawi sanabwerere ngakhale mmodzi. Kutchalitchi benchi imene a Chisale akhalapo inkakhala ndi malo ambiri. Pa maukwati sankaitanidwa. Anthu amene ankawakonzera mawailesi kwaulere ankawoloka msewu akawaona m'tauni. Ine ndinkadziwa kumene Felix amamwera, ndipo ndinawauza a Chisale kuti ndikamusiyira nthiti zina zoti aziwerenga. Anati ndikamukhudza ndisadzapondenso pa malona awo, chifukwa Felix anachita ndendende zimene anaphunzitsidwa, wolakwa wagwada kale. Ndinatukwana, koma sindinapite.

Tinatsala ochepa, ine ndi Akenya angapo, dalaivala wa matatu ndi namwino wina wamkazi amene ankatikanyanga tonse. Ndipo kaphunzitsidwe kanasintha. Kugogoda kunalipobe, koma tsopano a Chisale ankatha kunong'oneza mnzako mwachinsinsi kuti lero usagogode. Iwe wopana unkayenera kumva wekha, pamkono pako, thupi la mnzako likayamba kulemera, n'kusiya usanapemphedwe. Ankaima pafupi, maso ali pa zala za wopanidwayo. Amene ankayankha kuti koma sanagogode ankavula jekete tsiku lomwelo. Ankati munthu wamphamvu amene amadikira kuti wofooka amuuze kuti basi, ameneyo sanaphunzire kanthu.

Ameneyo ndiye munthu wofatsa wa a Makwinja, wosadziwa kukangana.

A Makwinja atamaliza kuyankhula Loweruka lija, anthu anatsegula bokosi kuti tione nkhope. Komiti ya maliro, anthu omwe aja owoloka msewu, inali itagula suti. Nditayandikira mumzere ndinaona chimene anachita. Anawaveka tayi. Yabuluu, yonyezimira, mfundo yake atayikoka mpaka pakholingo. Magazi anandithamangira kumutu, makutu n'kuyamba kulira ngati wina wandigwira kolala.

Che Saidi anali patsogolo panga, kofiya ili kumutu, Msilamu yekha pabwalo lonselo. Atafika pabokosi anaima. Mzere unaima. Anapisa manja m'bokosi, zala zawo zakupsa ndi mapoto n'kuyamba kutokosa mfundo ija, osafulumira.

"Saidi, ukutani?" anatero mayi Makwinja.

"Akubanika, mayi."

Anaimasula, anaisolola pansi pa kolala, anatsegula batani la pamwamba, n'kusalaza malaya ndi chikhatho. Kenako anaipinda tayi ija bwinobwino, anapita pamene panaima a Makwinja, n'kuipereka ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono monga mwa ulemu wawo wa masiku onse.

"Nayi, bwana. Ndi yanu."

A Makwinja anailandira. Akanatani? Anaima nayo m'manja mpaka bokosi linatsekedwa, akusowa thumba loiikamo.

Dzulo ndinapita ku galaja. Mmwenye wanena kuti tichotse katundu mwezi ukamatha, mwana wake wagula galimoto. Kiyi ndinali naye m'thumba, koma ndinapezeka nditagogoda pachitseko cha malata monga kale, n'kuima ngati chitsiru. M'kati mukununkhabe utuchi. Malona aphwa pakona ya kumanzere pamene a Chisale ankagwada potionerera, maenje awiri a mawondo, ndipo fumbi layamba kale kudzazamo. Chowengera zikhadabo chikulendewera pa ulusi wake. Ketulo ya Che Saidi ili pansi pa benchi, makapu awiri atavundikiridwa pambali pake. Mtengo wa khonje uli chiimire, chingwe chitada ndi kusalala pamene dzanja lawo linkafika, ndipo palibe wondiletsa tsopano, koma ndinangoudutsa. Pa msomali wa kukhoma pali jekete yawo, singano ya matumba itabayidwa paphewa ndi ulusi wake, kolala atangoisoka theka, ili yotsegula.